Zatheka abale, msodzi wanga uja wasiya kutsetsereka

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha pa funso lija la gemu yomwe ndikupanga, ya mnyamata msodzi wa ku Senga Bay amene akusakasaka Napolo. Vuto linali loti akamayenda ankaoneka ngati akutsetsereka pamatope, miyendo kwina thupi kwina.

Ndinatsatira malangizo a achimwene aja anati ndisiye kaye Blender, pulogalamu yopangira zojambula za 3D, poti laputopu yanga ndi yofooka, ndizijambula 2D mu Krita. Krita ndi pulogalamu yojambulira yaulere, komanso ili ndi onion skin, imakuonetsa chithunzi chapitacho mwachizimezime ndiye umadziwa poika phazi. Ndinajambula mafuremu (zithunzi zotsatizana) 8 a kuyenda, koma chomwe chandithandiza zedi ndi cha achemwali aja anati nditenge vidiyo ya munthu weniweni pafoni, ndinapempha mng'ono wanga ayende pamchenga atanyamula nkhafi, pamenepo mpomwe ndinaona kuti thupi limatsika phazi likangoponda kenako n'kukweranso, ndipo mkono umapita mosemphana ndi mwendo wa mbali yomweyo. Pano akuyenda bwinobwino, mtima wanga uli mbee!

Amene mungakumane ndi zomwezi, mu Godot, pulogalamu yopangira magemu, onetsetsani kuti liwiro la mafuremu mu AnimatedSprite2D (chida choonetsera mafuremu motsatizana) likugwirizana ndi liwiro lomwe munthuyo akusunthira, apo ayi azitsetserekabe olo zojambula zikhale zokongola bwanji. Zithunzi muzisunga ngati PNG kuti kumbuyo kusakhale choyera chija. Muzisevanso pafupipafupi, magetsi akuno ku Salima mukuwadziwa.

Panopa ndayamba Napolo, mamba ake ndi ambiri moti kuwajambula furemu iliyonse kukudya nthawi, koma mutu watha kale ndipo ukuopsa ndithu.