C9orf72: nsonga imodzi yokha pa odwala ALS, allele inayo yapita kuti?

Wapipeti:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tili ndi masampulo 24 a magazi a odwala ALS (matenda oononga mitsempha yoyendetsa minofu), ndipo angapo mwa iwo ali ndi achibale omwe anadwala frontotemporal dementia (matenda oononga mbali yakutsogolo ndi yam'mbali ya ubongo). Tikuyeza chigawo chobwerezabwereza cha GGGGCC mu intron yoyamba ya jini ya C9orf72. PCR yoyamba ndi ya ma primer awiri, ina uku ina uko, yakutsogolo ili ndi FAM (utoto wowala womwe makina amaona). DNA 50 ng mu 25 µl, Taq wamba, annealing pa madigiri 60, ma cycle 35. Pa capillary (makina osiyanitsa zidutswa za DNA potengera kutalika) masampulo 15 akutulutsa nsonga ziwiri, 9 akutulutsa imodzi yokha. Pa 9 amenewa tachita repeat-primed PCR (PCR yomwe primer imodzi imatera mkati mwa chigawo chobwerezabwerezacho). Pa jelo ya agarose palibe chooneka, pa capillary pali tinsonga titatu kapena tinayi, kenako zii. Positive control tilibe. Kodi tilembe kuti ndi homozygous?

MayiKapilare:
Musalembe, achimwene. Nsonga imodzi ili ndi matanthauzo awiri. Mwina munthuyo anatengadi ma allele (makope a jini) ofanana kwa bambo ndi mayi ake, zomwe sizachilendo chifukwa allele ya ma repeat 2 ndi yofala kwambiri, kutsatira ya 5 ndi ya 8. Kapena allele inayo yatalika kufika ma repeat mazana ngakhale masauzande, ndipo Taq sangawoloke mtunda wotero wa G ndi C okhaokha. Allele yaifupi imadya ma primer ndi ma dNTP onse, yaitali sioneka n'komwe. PCR ya ma primer awiri siingasiyanitse ziwirizi. Ntchito imeneyo ndi ya repeat-primed, koma yanuyo simunaione ikugwira pa sampulo yodziwika, ndiye kukhala chete kwake sikukuuzani kanthu.

Poyamba pezani positive control. Ku Coriell, malo osungirako maselo ndi DNA ku America, kuli DNA ya ma cell line a odwala omwe ali ndi expansion (allele yotalika chonchi) yotsimikizika, kapena pemphani ku labu yomwe inatsimikiza sampulo yake ndi Southern blot (njira yoyezera kutalika kwa chidutswa cha DNA popanda PCR). Mutiuzenso zomwe munathira mu chubu cha repeat-primed.

Wapipeti:
Master mix yomweyo, mayi. Ma primer atatu, onse 0.4 µM. DMSO 3%. Extension mphindi imodzi. Magazi ena anabwera m'machubu a chivindikiro chobiriwira, ena cha pepo.

MkuluWaBenchi:
Pamenepo ndiye pali vuto, ndipo si limodzi.

Tiyambe ndi DNA yeniyeniyo. Chigawochi ndi G ndi C basi. Chingwe chomwe chili ndi ma G anayi otsatizana chimadzipinda n'kupanga G-quadruplex, ndipo potassium yemwe ali mu buffer ya KCl amalimbitsa mfundo imeneyi. Polymerase ikafika apo imaima n'kugwa. DMSO 3% ndi wochepa. Muyeso womwe umagwira ntchito pa chigawochi uli chonchi: DNA 100 ng, DMSO 7%, betaine 1 M kapena Q-solution ya Qiagen 1x, 7-deaza-dGTP pafupifupi 0.18 mM, ndi hot-start Taq. 7-deaza ndiye mwini nkhani. Pamalo 7 pa guanine palibe nitrogen, ndipo malo amenewo ndi omwe amagwirana popanga quadruplex, choncho zingwe zatsopano zomwe PCR ikupanga sizipinda ngati zoyamba zija.

Chachiwiri, ma primer atatu asafanane muyeso. Primer ya repeat, ija yokhala ndi GGGGCC katatu kapena kanayi komanso mchira womwe mulibe mu DNA ya munthu, ikhale yochepa. Ntchito yake ndi ya ma cycle oyamba okha: itere paliponse m'chigawomo, ithe, kenako primer ya mchira ndi ya FAM zipitirize kuchulukitsa zidutswa zonse, zazitali ndi zazifupi. Mukaithira yambiri imangoterabe mkati mwa zidutswa zomwe zapangidwa kale n'kumazifupikitsa cycle iliyonse. Mapeto ake ndi tinsonga tinayi tomwe mukuonato. Yambani ndi 0.7 µM ya repeat, 1.4 µM ya FAM ndi 1.4 µM ya mchira.

Makina: touchdown kuchokera pa madigiri 70 kutsika mpaka 56, kutsika awiriawiri, extension mphindi zitatu pa cycle iliyonse.

Za jelo iwalani. DNA yokhala ndi 7-deaza sigwira bwino ethidium bromide, ndipo repeat-primed imatulutsa zidutswa zambiri zosiyana ndi ma base 6 okha, chilichonse pang'onopang'ono. Pa agarose mungaone kautsi chabe ngakhale zonse zitayenda bwino.

Chubu_cha_pepo:
Ine ndagwira pa machubu obiriwira aja. Mmenemo muli heparin, ndipo heparin amatsatira DNA mpaka mu eluate n'kufooketsa Taq. PCR yaifupi ya ma primer awiri imatha kupirira, koma repeat-primed, yomwe ndi yofooka kale, imafa. Lembani pambali masampulo omwe anachokera m'machubu obiriwira muone ngati ndi omwewo akuvuta. Ngati n'kotheka atengenso magazi mu EDTA, machubu a pepo aja. Zikakanika, heparinase I amathandiza, kapena sungunulani DNA kasanu n'kuthira BSA 0.4 µg/µl.

Muyang'anenso A260/230, muyeso wa kuyera kwa DNA. Ikakhala pansi pa 1.8, mwina mchere wa guanidine unatsalira kuchokera ku kolamu, ndiye tsukaninso ndi ethanol. Kuchuluka kwa DNA yezani ndi Qubit. NanoDrop imawerengera RNA ndi zinyalala pamodzi, moti mumaganiza kuti mwathira 100 ng pomwe mwathira theka.

MayiKapilare:
Akulu, pa 0.7 ndi 1.4 ndikutsutsaniko pang'ono. Muyeso umenewo umagwira, inde, koma pa ma repeat-primed ena primer ya repeat imatsitsidwa mpaka gawo limodzi mwa magawo khumi a zinzake, ndipo mndandanda wa nsonga umatalika bwino. Control ikafika, achimwene ayese miyeso itatu pa mbale imodzi: theka, gawo limodzi mwa asanu, gawo limodzi mwa khumi. Asankhe womwe ukupereka nsonga zopitirira repeat ya 30 (malire omwe ambiri amatchulira expansion) moonekeratu.

DMSO asapitirire 7%. Pa 10% mphamvu ya Taq imatsika pafupifupi ndi theka. Akumbukirenso kuti DMSO 1% iliyonse imatsitsa Tm ya primer (kutentha komwe primer imamasukira pa DNA) ndi pafupifupi theka la digiri, ndiye annealing ya 60 yomwe anaiwerengera popanda DMSO siilinso yolondola. Touchdown imakonza zimenezi yokha.

MkuluWaBenchi:
Mwanena zoona, mayi, ayese yonse itatu. Ndionjezere za kutentha, chifukwa ambiri akamva kuti GC yachuluka amathamangira pa 98. Taq pa madigiri 95 amataya theka la mphamvu m'mphindi pafupifupi 40, koma pa 97.5 m'mphindi zosakwana khumi. Masekondi 30 pa 98 kuchulukitsa ndi ma cycle 35, enzyme yapsa ntchito isanathe. Chabwino ndi kutenthetsa DNA yokha m'madzi pa 98 kwa mphindi zisanu, kuiika pa ayezi msangamsanga, kenako kuthira master mix. M'ma cycle 95 ndi yokwanira ngati betaine ndi DMSO zilimo.

Wapipeti:
Zikomo nonse. Control yafika, tachita monga munanenera. Gawo limodzi mwa asanu ndiye latuluka bwino. Control ikuonetsa mano a sowo, nsonga iliyonse yotalikirana ndi inzake ndi ma base 6, zikutsika pang'onopang'ono mpaka kupitirira 30. Pa 9 aja: awiri ali ngati control, asanu ndi limodzi nsonga zikuima mwadzidzidzi pamalo a allele yaifupi. Imodzi yatisokoneza. Nsonga zilipo koma zazing'ono kwambiri, ndipo sizikugwera pamalo omwe za control zikugwera. Ndi ya chubu cha pepo, A260/230 ili 2.1.

MayiKapilare:
Musanabwereze PCR, yang'ananinso fayilo yomweyo. Pulogalamu imakonza mzere woimirira wa girafu potengera nsonga yaitali kwambiri, ndiye allele yaifupi ikafika RFU (muyeso wa kuwala kwa nsonga) masauzande angapo, mano a sowo amagona pansi ngati phokoso. Kokerani mzerewo mpaka RFU 500 kapena kucheperapo. Bayaninso sampulo osaisungunula, 1 µl mu Hi-Di formamide 9 µl ndi LIZ 500, pa 95 kwa mphindi zitatu, kenako ayezi. Musadalire nambala ya ma base yomwe makina akupereka powerenga ma repeat. Zidutswa za GC yambiri zimathamanga kuposa size standard, choncho werengani nsonga imodziimodzi poyerekeza ndi sampulo yomwe munaiwerenga ndi Sanger.

Kromozomu9:
Sampulo imeneyo ikundikayikitsa kuti ili ndi indel (ma base ochoka kapena oonjezereka) pafupi ndi repeat. Kumbali ya 3' ya GGGGCC kuli kachigawo kena ka GC yambiri, ndipo pa ma allele otalika timapezamo tizidutswa tochoka kapena toonjezereka. Ngati primer yanu ya FAM ili mbali imeneyo, polymerase iyenera kudutsa pamenepo. Nsonga zimasuntha, zimafooka, nthawi zina zimasoweratu, ndipo wodwala yemwe ali ndi expansion amalembedwa kuti alibe. Njira yake ndi kuchita repeat-primed yachiwiri kuchokera mbali ya 5', ndi primer ya repeat ya chingwe chinacho. Ndipotu asanu ndi limodzi omwe mukuti aima pa allele yaifupi muwayezenso kuchokera mbali yachiwiri musanawatchule homozygous.

Izi si zongoopseza. Expansion imeneyi inalengezedwa mu 2011 ndi magulu awiri a ofufuza, ndipo mu 2014 malabu 14 anapatsidwa masampulo ofanana osauzidwa zotsatira zake. Asanu okha ndi omwe PCR yawo inagwirizana kwathunthu ndi Southern blot.

Komanso repeat-primed imangoti expansion ilipo, siinena kutalika kwake. Ofuna kutalika achite Southern blot, yomwe imafuna DNA yosaduka 5 mpaka 10 µg, kapena long-read ya Oxford Nanopore kapena PacBio. Exome siithandiza chifukwa chigawochi chili mu intron. Whole genome ya short-read yokonzedwa popanda PCR imatha kuonetsa expansion kudzera mu ExpansionHunter, koma nambala yomwe imapereka pa ma allele aatali ndi yongoyerekeza. Ngakhale Southern imatulutsa chimzere chofalikira osati bandi yakuthwa, chifukwa kutalika kumasiyana selo ndi selo. Za m'magazi sizifanana ndi za mu ubongo, ndipo cerebellum nthawi zambiri imakhala ndi zazifupi kuposa frontal cortex ya munthu yemweyo.

Parafini:
Pepani ndikhotetseko pang'ono. Kodi msakanizo womwewu ungagwire pa promoter ya jini ya TERT mu glioblastoma (khansa ya mu ubongo)? DNA ndi ya m'mabuloko a FFPE (mnofu woumitsidwa mu formalin n'kuikidwa mu parafini), ndipo Sanger ikutuluka yauve.

MkuluWaBenchi:
Betaine ndi DMSO zigwira, chifukwa promoter imeneyo nayo ndi ya GC yochuluka. Koma vuto lanu lalikulu ndi formalin. Amaduladula DNA, ndiye amplicon ikhale yaifupi, ma base osapitirira 150 kapena 200. Malo awiri omwe mukufuna, C228T ndi C250T, atalikirana ndi ma base 22 okha, amakwana mu kachidutswa kamodzi. Chenjerani apa: formalin amasandutsa cytosine kukhala uracil, yemwe PCR imamuwerenga ngati T, ndipo kusintha komwe mukusaka ndi C kupita ku T komwe. DNA ikakhala yochepa, molekyulu imodzi yoonongeka imatha kuchuluka n'kuoneka ngati mutation. Thirani UDG (enzyme yochotsa uracil) musanayambe PCR, chitani ma PCR awiri osiyana pa sampulo iliyonse, ndipo pathologist azungulize malo a chotupa pa silaidi kuti mupale pomwepo. Sanger saona allele yomwe ili pansi pa 15 kapena 20%.

Wapipeti:
Tachita ya mbali ya 5'. Sampulo yosokoneza ija yatulutsa mano a sowo oyera, kupitirira 30. Asanu ndi limodzi aja aima pamalo omwewo mbali zonse ziwiri. Atatu okhala ndi expansion tikuwatumiza ku Southern.

Chubu_cha_pepo:
Musanatumize yendetsani DNA yawo pa agarose ya 0.8% muone ngati ndi bandi imodzi yapamwamba. Ya m'kolamu kawirikawiri imakhala yochepa komanso yoduka, ndiye ngati magazi atsala tulutsani ina ndi njira ya salting-out, ndipo musaipukuse pa vortex. Kwa atatuwa tengani magazi achiwiri mu EDTA, chubu chatsopano, mubwereze zonse kuyambira pa extraction zotsatira zisanapite kwa dokotala ndi mlangizi wa za majini.