Kulowetsa chipolopolo mwakachetechete mu semi-auto uli pansanja: ndithandizeni nzeru

Wofunsa

Akuluakulu a pagulu pano, ndabwera ndi funso. Ndakhala ndikusaka ndi mfuti ya bolt-action kuyambira kale, koma nyengo ino ndatenga semi-auto, ija yodzilowetsera yokha chipolopolo china ukawomba, ya mtundu wa AR-10, ya .308, ndipo pali chinthu chimodzi chikundisowetsa mtendere. Agwape ndimawadikirira pansanja ya mumtengo. Ndimafika kudakali mdima, ndipo sindikwera mumtengo chipolopolo chili m'chamber, malo aja chimakhala pophulika, pamenepo musandinyengerere. Mfuti ndimaimanga pachingwe, ndikwere kaye, ndidzimangirire lamba, kenako ndiikokere m'mwamba.

Nkhani imavuta ndikakhazikika. Pa bolt-action ndinkangokankha bolt, chitsulo chotsekera chipolopolo m'chamber, pang'onopang'ono n'kutsitsa chogwirira chake ndi chala chachikulu, ngakhale munthu wokhala naye pafupi osamva kanthu. Iyi ndiye ayi. Ukakoka charging handle, chogwirira chokokera bolt kumbuyo, n'kuitaya monga buku lake likunenera, m'mbandakucha kuli zii, phokosolo limakafika kutsidya kwa chigwa. Ukati uiperekeze pang'onopang'ono, bolt imaima isanafike kumapeto, n'kutsala kampata kongokwana chikhadabo. Ndayesa kumalo oyeserako mfuti: nthawi zina imawomba bwinobwino, nthawi zina ungomva khe! chipolopolo chili phee. Yangayi ilibe forward assist, batani lija lokankhira bolt kutsogolo, mbali yake ndi yosalala.

Ndiye kodi pali njira yotsekera bolt mwakachetechete koma uli wotsimikiza kuti yatsekadi? China, chipolopolo chimene ndachilowetsa n'kuchitulutsa osawomba chikumatuluka ndi kadontho pa primer, kabatani koyatsira onga kumbuyo kwake, ngati china chake chinachigogoda. Kodi n'zoopsa? Oti "gulani mfuti ina" mundikhululukire, mawu amenewo ndawamva kale kunyumba.

Mlenje Wakale

Achimwene, mukudzivutitsa ndi zinthu zazing'ono. Fikani msanga, kwerani, lowetsani chipolopolo mwamphamvu monga mfutiyo imafunira, ikani sefite, khalani du. Phokoso limodzi lomveka kukadali ola lathunthu kuti kuche, tchire limaliiwala. Nthambi zimathyoka usiku onse, nyama sizisamuka. Chimene chimathamangitsa gwape ndi fungo lanu ndi kutakataka kwanu pansanjapo. Ine ndimalola kuti gwape amve phokoso kukadali mdima kusiyana n'kuti ndimve khe! iye ataima patsogolo panga.

Mayi wa Uzimba

Madala, sindikugwirizana nanu kwathunthu. Kuthyoka kwa nthambi ndi kugundana kwa zitsulo n'zosiyana, ndipo gwape amamva mawu okwera kuposa mmene khutu la munthu limamvera. Ngati nsanja ili kutali ndi kumene nyama zimagona, zanuzo zimatheka. Koma ena timamanga nsanja m'mphepete mwenimweni mwa ziyangoyango mmene zimagonamo. Pamenepo phokoso limodzi lomwelo likwanira kuti chitonde chachikulu chidzuke n'kutulukira mbali ina, iwe osadziwa n'komwe kuti chinalipo. Ukhala mpaka dzuwa kutentha, kumati lero kulibe nyama.

Wokonza Mfuti

Ndiyankheko motalika pang'ono, chifukwa mukamvetsa chimene chimachitika m'katimo simudzafunsanso munthu.

Phokoso mukudandaulalo ndi mphamvu ya sipuling'i, ndipo mphamvuyo ili ndi ntchito zingapo zoti igwire paulendo umodzi. Bolt iyenera kukankha chipolopolo kuchichotsa pamilomo ya magazini, kuchikweza kuti chilowe m'chamber, kenako kumapeto kwenikweni pali ntchito zolemera zimene anthu saziona. Extractor, kambedza kaja kamene kamakoka khoko la chipolopolo mukawomba, iyenera kudumpha mkombero wa chipolopolo n'kuugwira. Ejector, yotayira khoko kunja, yomwe ili ndi sipuling'i yakeyake, iyenera kukankhidwira m'kati mwa nkhope ya bolt. Zikatero m'pamene carrier, chitsulo chonyamula bolt, imapitiriza kutsogolo, kamsomali kotchedwa cam pin n'kupotoza bolt kuti mano ake alumane ndi a kumpope. Zonsezi zimachitika m'kampata komaliza, pomwenso sipuling'i yatambasuka kwambiri ndipo mphamvu yake yachepa. Mukaitaya handle, liwiro la carrier ndi kulemera kwake n'zimene zimamaliza ntchitoyo. Mukaiperekeza, liwirolo mwalichotsa, ndiye ntchito yotsalayo ndi yanu. Kampata ka chikhadabo mukunenako ndi extractor itatsamira mkombero isanaudumphe.

Khe! uja ndi mfuti ikukutetezani. Pa AR anaipanga moti carrier ikapanda kufika kumapeto, firing pin, msomali wophulitsira chipolopolo, siingatulukire mokwanira kuti imenye primer, ndipo hammer yoimenya kumbuyo imathera mphamvu yake pokankha carrier. Musaitukwane. Chipolopolo cha .308 chitaphulika bolt isanatseke, nkhope yanu ili pomwepo.

Tsopano kachitidwe kake. Mudakali pansi, magazini atachotsedwa, chamber mwaiona ndi maso kuti ilibe kanthu, kokani handle kuti hammer itcheredwe, ikani sefite. Pa AR wamba sefite siilola kupita pa SAFE hammer isanatcheredwe, ndiye ichi chitani muli pansi, osati kumalimbana nacho mumtengo. Mukakhazikika m'mwamba, mpope uloze pansi kumene kulibe munthu, chala kutali ndi trigger. Lowetsani magazini mutadina batani lake kuti asalire, kenako muwakoke pang'ono kuti muone ngati agwira. Finyani latch ya handle musanakoke, kokani mpaka kumbuyo kwenikweni. Apa ambiri amalakwitsa: amaopa phokoso n'kulekezera panjira, bolt osadutsa kumbuyo kwa chipolopolo, ndiye amatseka pachamber chopanda kanthu. Perekezani handle mpaka iime yokha. Poti mulibe forward assist, lowetsani chala chachikulu pazenera lotulukira makoko, mupeza kadzenje pambali pa carrier, kankhirani kutsogolo mpaka mumve kuti tche, pansipansi. Ameneyo ndi extractor wadumpha, bolt yapotoka.

Forward assist musaidandaule kwambiri. Eugene Stoner, amene anapanga AR-10 m'zaka za m'ma 1950, sanaiikepo, ndipo sankaifuna. Anaiumirira ndi asilikali a ku America, n'kukhazikika pa mfuti yawo ya M16A1 mu 1967. Iye ankaona kuti chipolopolo chokana kulowa si chochikakamiza. Mfundo imeneyo igwireni ngakhale mukukankha ndi chala: ngati carrier ikukana ndi mphamvu ya chala chimodzi, musaimenye. Tulutsani chipolopolocho, muone chavuta n'chiyani.

Wofunsa

Zikomo kwambiri bambo, apa mwanditsegula maso. Koma mumdima ndidziwa bwanji kuti chipolopolo chalowadi? Tochi sindifuna kuyatsa, ndipo ndikakoka handle pang'ono kuti ndisuzumire, si ndiye kuti ndatsegulanso chomwe ndavutika kutseka?

Wokonza Mfuti

Musasuzumire, gwiritsani ntchito magazini. Zipolopolo m'magazini a AR zimakhala mizere iwiri yosinthana. Musanawalowetse, papasani ndi chala muone ngati chapamwamba chili kumanja kapena kumanzere. Mukamaliza kutseka bolt, chotsani magazini mupapasenso. Ngati chapamwamba chasintha mbali, chimodzi chapita m'chamber. Bwezerani magazini, akokeninso kuona ngati agwira. Za kutseka kwa bolt, chala chomwecho chidzakuuzani: zolowerani masana malo amene kadzenje ka carrier kamakhala bolt ikatseka, mpaka chala chizidziwa chokha.

Ndiponso musadzaze magazini mpaka pakamwa. Akadzaza kwambiri, chipolopolo chapamwamba chimapanikiza carrier kuchokera pansi, ndiye kuperekeza kumalimba. Posaka gwape zipolopolo zochepa zimakwana.

Wa Browning

Ife a BAR tikungomwetulira kuno. Browning anatulutsa BAR ya alenje mu 1967, ndipo chogwirira chake chimayenda limodzi ndi bolt, ndiye ukaperekeza umangochikankha ndi chikhatho kutsogolo, basi. N'chimodzimodzi Ruger Mini-14 ndi Remington 742 yakale ija. Koma tisanamizane, nazonso ukaziperekeza mwaulesi zimaima panjira. Bambo anga anali ndi 742, chamber ikangochita dzimbiri pang'ono inkavuta potseka ndi potulutsa khoko pomwe. Vutoli si la AR yokha. Funsani a mifuti ya mbalame ya Benelli, kulira kwa khe! kuja anachita kukupatsa dzina la kampaniyo, mpaka pa Super Black Eagle 3 ya 2017 anaikamo kachipangizo kothandiza bolt kutseka ngakhale waiperekeza.

Mnyamata wa Nguluwe

Bwanji osangoika chipolopolo m'chamber ndi dzanja, kenako n'kutseka bolt pang'onopang'ono pamwamba pake? Palibe zokhulana ndi magazini, phokoso lichepa.

Wokonza Mfuti

Aphwanga, chizolowezi chimenecho chisiyeni. Choyamba sichikuthetsa kanthu, extractor iyenerabe kudumpha mkombero, ndiye kampata kaja kadakalipo. Chachiwiri, tsiku lina handle idzakupulumukani. Bolt ikamachotsa chipolopolo m'magazini imachepako liwiro. Ikathamanga yopanda chokankha n'kukapeza chipolopolo chili kale m'chamber, imafika ndi liwiro lonse, ndipo firing pin imagogoda primer mwamphamvu kuposa masiku onse. Mfuti kuwomba yokha potseka, chimene amati slam fire, kumayamba motero. Eni M1 Garand amachenjezana za zimenezi kuyambira kale, ndipo pa SKS zimachitika firing pin ikamatirira ndi girisi wouma. Semi-auto idyetseni kuchokera m'magazini.

Izi zikuyankhanso funso la kadontho. Firing pin ya AR yambiri ilibe sipuling'i yoibweza, imangoyandama m'kati mwa bolt. Bolt ikaima mwadzidzidzi, pin imapitirira n'kukhudza primer, n'kusiya kadontho kosaya. Kamodzi si vuto, mfuti zambiri za mtunduwu zimatero, n'chifukwa chake zipolopolo za asilikali zimakhala ndi primer yosaphulika msanga, ndipo odzipangira okha zipolopolo amasankha CCI No. 34 pa .308 kapena No. 41 pa 5.56. Vuto ndi chipolopolo chimodzimodzi kumalowa ndi kutuluka tsiku ndi tsiku nyengo yonse. Mankhwala a m'primer amatha kuswekasweka ndi kugogodedwako, tsiku lofunika osaphulika. Komanso mutu wa chipolopolo umagunda polowera m'chamber, nsonga yofewa imaphwanyika, ndipo nthawi zina mutuwo umabwerera m'khoko, zomwe zimakweza mphamvu ya kuphulika kupitirira muyeso. Muziimika chipolopolo chimenecho patebulo pambali pa chatsopano. Chikafupika ngakhale pang'ono, musachiwombe. Chikakhala bwino koma chalowapo kangapo, kachiwombereni kumalo oyesera, pamwamba pa magazini muike china.

Ubwino wake, mukamaperekeza monga ndafotokozera, kadonthoko kamachepa kapena osaoneka n'komwe.

Mlenje Wakale

Zonsezi n'zoona, koma taonani kuchuluka kwa zochita: dina apa, finya apo, kankha ndi chala, chotsa magazini, papasa, bwezera. Mumdima, zala zitauma ndi chisanu, uli pamwamba pa mtengo. Magazini akakupulumuka n'kukagunda makwerero achitsulo, phokoso lake n'loposa limene umaliopa lija. Ine ndaona zambiri, ndipo zochita zikachuluka ngozi nayo imapeza polowera.

Mayi wa Uzimba

Pamenepo mwanena zoona madala, n'chifukwa chake si zophunzirira mumtengo. Achimwene ofunsa, gulani zipolopolo zophunzirira zija zopanda onga ndi primer. Zenizeni zikhale chipinda china. Khalani pampando, valani magolovesi omwe mumavala kutchire, zimitsani nyale, bwerezani mpaka manja azolowere. Kenako pitani kumalo oyesera ndi zipolopolo zomwe mumasakira, muziperekeza n'kuwomba chimodzichimodzi. Muone zinthu ziwiri: ngati ikuwomba nthawi zonse, komanso ngati chipolopolo choyambacho chikugwera pamodzi ndi zinzake. Mfuti zina chipolopolo cholowetsedwa ndi dzanja chimapatuka pang'ono poyerekeza ndi zolowa zokha, ndipo kutchire choyambacho ndiye chofunika. Yanga itakana mayeso amenewa ndikanatsatira za madalawa mosanyinyirika.

Musaiwalenso mafuta. Carrier youma kapena yodzaza mwaye siyenda ndi chala chimodzi, ndipo mafuta olemera amalimba kukazizira. Ochepa, opepuka, pamalo okhulana ndi pa cam pin.

Mnyamata wa Nguluwe

Nanga masipuling'i osalira aja, monga Silent Captured Spring ya JP, sangathandize?

Wa Browning

Amachotsa kulira kwa sipuling'i m'chubu chakumbuyo, kuja kumamveka kukhutu ukakoka handle. Koma bolt kugunda kumpope kumakhalapobe. Ndalama zako ndi zako, koma kampata ka achimwenewa sikatsekedwa ndi zimenezo.

Woyang'anira Gulu

Pagulu pano tili anthu a m'mayiko osiyanasiyana, ndiye aliyense aone malamulo a kumene amasaka asanatengere zimene wawerenga. Ku Britain mfuti za semi-auto za zipolopolo zazikulu ngati izi zinaletsedwa mu 1988. Ku Germany umaloledwa kusaka nayo koma isakhale ndi zipolopolo zoposa zitatu zonse pamodzi. Ku Pennsylvania mu 2017 analola semi-auto pa nyama zing'onozing'ono, agwape ayi. Madera ambiri amaletsanso kukhala ndi mfuti yolongedwa m'galimoto, ndiye amene munalemba kuti muzilowetseratu chipolopolo musanatsike, ndemanga yanu ndaichotsa. Chilolezo cha mfuti ndi cha ulenje zikhale m'thumba.

Wofunsa

Ndamva akuluakulu. Loweruka ndikayesa kumalo oyesera monga anenera amayiwa, magolovesi ali m'manja. Pansanja zakutali ndi kogona nyama ndizingoitaya handle monga akunenera madala, kuperekeza ndisungire nsanja ya m'ziyangoyango. Funso lotsiriza kwa bambo okonza mfuti: potsika madzulo, kutulutsa chipolopolo nakonso kumalira, ndipo chimathawira pansi. Pali nzeru?

Wokonza Mfuti

Magazini achoke kaye, nthawi zonse, apo ayi mutulutsa chimodzi n'kulowetsa china. Sefite ili pa SAFE, mpope pansi. Pendeketsani mfuti kuti zenera liyang'ane pamiyendo panu pomwe mwayala chipewa, kokani handle pang'onopang'ono, chipolopolo chigwera m'chipewamo m'malo mouluka. Ikani chala chaching'ono m'chamber mutsimikize kuti mulibe kanthu, perekezani bolt, mangani chingwe mpope utaloza pansi. Chipolopolocho chiikeni m'thumba lina, osati m'magazini, kuti mukachiyeze kunyumba.