Midzi ya m'kaundula wa chipatala ikusochera pa mapu, nditani?

Wa ku Chipoka:
Muli bwanji nonse? Ndikuthandiza pa kafukufuku wa likodzo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima, kuchokera ku Chipoka mpaka ku Lifuwu. Ntchito yanga ndi kutenga komwe odwala amakhala, monga analembera m'kaundula, n'kuika madontho pa mapu. Ndinathira mndandanda wonse mu pulogalamu ina ya geocoding, ija imati ukaipatsa adilesi imakubwezera manambala a GPS. Koma abale, zotuluka zake! Ambiri yangowaunjika pa Boma, wina yamuponya pakati pa nyanja ngati ali pa bwato la usipa. Pulogalamuyi ikufuna nambala ya nyumba ndi dzina la msewu, pomwe kaundula akungoti mudzi wakuti, T/A Maganga, mwina n'kuwonjezera kuti "kuseri kwa chigayo". Alipo anadutsamo?

Mlangizi wakale:
Achemwali, musalimbane nayo makinayo, midzi yathu sakuidziwa. Ine ndayenda pa njinga zaka zambiri ngati mlangizi wa zaumoyo. Dzina limodzi la mudzi mulipeza kwa ma T/A awiri kapena atatu. Mudzi ukagawanika, mfumu yatsopano imabwera ndi dzina lake, koma agogo akafika kuchipatala amatchulabe lakale. Ndiye kalaliki wina alemba ndi l, wina ndi r, wina aiwala h.

Pitani kwa alangizi a dera lililonse akulembereni midzi yawo pansi pa gulupu aliyense. Mukatero tengani foni yokhala ndi KoboCollect, pulogalamu yodzazira mafomu a kafukufuku, mukaime pa mjigo kapena pabwalo la mfumu, mudikire mpaka ionetse kuti yatsala ndi mamita 5 okha okayikitsa, mutenge dontho. GPS safuna bandulo, imagwira ngakhale komwe kulibe netiweki. Amfumu mukawaone kaye, osangofika n'kuyamba kuloza foni kumwamba.

Wa mapu ku Lilongwe:
Adanenadi bambowa. Mukapanga mndandandawo, dzina lililonse lolakwika muliike pafupi ndi lolondola mu Excel, kenako mulumikize ndi kaundula mu QGIS, pulogalamu yopangira mapu yomwe ndi yaulere. Malire a ma T/A a kalembera wa 2018 akuthandizani kugwira dontho lomwe lalumpha mpanda. Pa fomu yatsopano, wolemba azisankha mudzi pa mndandanda, asamatayipe yekha. Midziyo mukaiikenso pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti omwe aliyense angawonjezerepo, kuti wobwera pambuyo panu asayambirenso.

Koma ndikufunseni: likodzo munthu amalitenga kunyumba? Amalitenga m'madzi momwe muli nkhono, posamba, pochapa, pokoka khoka, kapena m'minda ya mpunga ngati ya ku Lifuwu. Msodzi angalembetse mudzi wa kumtunda pomwe miyezi itatu wakhala pa doko ku Senga Bay. Tenganinso madontho a madoko, ndipo muzifunsa odwala komwe amasamba.

Za nyumba za odwala musatulutse pa mapu. Ngakhale a DHS, kafukufuku wamkulu wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo, amasuntha dala madontho a kumidzi mpaka makilomita 5, ena ochepa mpaka 10, kuti anthu asadziwike.

Wa ku Chipoka:
Zikomo kwambiri nonse. Za madokozo sindinaziganizire n'komwe, fomu yathu ilibe funso limenelo. Lolemba ndikaonana ndi alangizi a kuno ku Chipoka, tiyambe ndi midzi ya kwa Ndindi. Bambo mlangizi, mudzi wautali wotsata gombe mumatenga dontho limodzi kapena awiri?

Mlangizi wakale:
Awiri, kumapeto konse. Ndipo mupite m'mawa, asodzi asanagone.