Ndithandizeni nzeru pa flash ya pa ukwati

Akuluakulu ojambula zithunzi, ndikupempha nzeru. Mwezi wamawa ndikajambula ukwati ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo madyerero akachitikira m'holo ya denga lalitali la malata, lopanda siling'i. Ndinazolowera kulozetsa flash kudenga kuti kuwala kubwerere kofewa, koma pamalata otere kumangosowa. Ndikailozetsa kumaso, akwati amanyezimira thukuta, kumbuyo kwawo kuli bii.

Pondivuta kwambiri ndi pa perekaniperekani. Anthu amavina akuponya ndalama, ndiye shutter (chitseko cholowetsa kuwala mu kamera) ikamatseguka kwa 1/200 ya sekondi, pomwe kamera yanga ya Canon imalekezera ikamagwira ndi flash, holo yonse imada. Ndikatsitsa kufika pa 1/60, manja ndi ndalama zimatuluka zosaoneka bwino, chonsecho eni ukwati amazifuna kwambiri zithunzi zimenezi. Kodi ndikweze ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) mpaka 1600, kapena ndiimike flash yachiwiri pakona ndiziyiyatsa ndi trigger (kachipangizo koyatsira flash patali)? Nanga ana othamangathamanga aja sangaigwetse?

Chinanso, zithunzi zapanja tikajambula masana dzuwa lili paliwombo. Ndikafuna kuti nkhope ya mkwatibwi ioneke bwino, diresi loyera limapserera, maluwa ake osaonekanso. Reflector (chobwezera kuwala kunkhope) ingakwane, kapena ndibwereke softbox (bokosi lofewetsa kuwala kwa flash)? Amene munajambulapo m'maholo otere kuno ku Lilongwe, mumatani?