Kodi Ayuda amadya nyama ya halaal?

Abale ndithandizeni. Ndimaphika pa loji ina kunyanja kuno ku Mangochi, wiki ya mawa tikulandira alendo achiyuda ochokera ku Israel ndiye abwana angoti iwe konza menyu. Ife nyama timagula kwa anzathu achisilamu, yozinga bwinobwino, nkhumba sitigwira n'komwe, ndiye ndimaona ngati zatheka basi. Koma ndamva kuti Ayuda saphatikiza nyama ndi mkaka, ena mpaka mapoto amasiyanitsa, komanso nsomba amadya ya mamba yokha, ndiye kuti chambo chili bho koma mlamba ndi kampango ayi, kampango wokoma uja! Nanga mbuzi ya halaal angadye kapena mpaka azinge munthu wawo? Komanso Sabata lawo limayamba Lachisanu dzuwa likalowa, ndikawaphikira Loweruka masana alandira? Odziwa chonde yankhani msanga.