Za pepala langa lokhalira m'Malawi: ndabwerako ku Blantyre

Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndine mayi uja wobadwira ku Mutarara, Mozambique, wokhala ku Bangula, amene ndinafunsa ngati andithamangitsa m'dziko muno ukwati utatha pempho langa lokhala mpaka kalekale lisanayankhidwe.

Ndinatsatira malangizo a achimwene ena a ku Nchalo amene anandiyankha, oti ndisabisale. Ndinayamba ndapita ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu pa nkhani za malamulo, kenako ndinakwera minibasi kudutsa Thabwa mpaka ku ofesi ya Immigration ku Blantyre. Ndinanyamula chigamulo cha khoti chothetsa ukwati, ziphaso za kubadwa za ana anga awiri ndi kalata ya amfumu, zonse m'jumbo ya pulasitiki. Mtima unali phaa! Palibe amene anandiopseza. Anandiuza kuti ndilembenso pempholo m'dzina langa, ndisonyeze kuti ndimadzidyetsa ndi geni yanga ya nsomba. Ana ndi Amalawi kale kudzera mwa bambo awo. Za unzika ndidzaziyamba pambuyo pake.

Chimene chinandichedwetsa ndi setifiketi ya ukwati. Yanga inapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu 2023, ndipo ina inali kwa bambo a anawa. Amayi anzanga, ngakhale banja lathe, musaitaye. Ijambulitseni, kope ina mukasungitse kwa abale okhala kumtunda.