DaVinci Resolve Studio ya madola 295: ndigule kapena ndidikire?

Wa ku Chilomoni: Akuluakulu, ndigaireni nzeru. Ndimakonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe pa pulogalamu ya DaVinci Resolve yaulere ija. Pano ndikufuna kulowa m'madokyumentale, mwinanso kukasaka ntchito ku TV. Ndasungako kandalama. Mtundu wake wolipira, Studio, ndi madola 295. Ndigule?

Mkonzi wa ku Area 25: Aise, yaulereyo yakukanika pati? Imatulutsa mpaka Ultra HD, 3840 x 2160. MBC, Times, Zodiak, palibe angakufunse zoposa pamenepo. Kudula, kukonza mitundu, Fairlight ya mawu, zonse zilimo kale.

Achemwali a Kamera: Pamenepo ndikutsutsani pang'ono achimwene. Ukwati umajambulidwa mu holo yowala. Dokyumentale mukajambula agogo m'nyumba yaudzu, kazenera kamodzi, mukweza ISO kuti kamera ione mu mdima, chithunzi n'kudzaza mchenga. Noise reduction yochotsa mchengawo ili mu Studio mokha. Chinanso, pa Windows mafayilo a 10-bit (osunga mitundu yochuluka) a makamera ngati a Sony ndi Panasonic, yaulere imakonda kuwakana. Ndiye Studio mumalipira kamodzi basi, laisensi n'kugwira pa makompyuta awiri. Pulogalamu inzake, Premiere Pro ya Adobe, ndi mwezi ndi mwezi, pa khadi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndani akufuna bilu ya madola mwezi uliwonse?

Mkonzi wa ku Area 25: Za Premiere ndavomera. Koma za 10-bit, umangotembenuza mafayilo akhale DNxHR, mtundu umene yaulereyo imalandira, pa pulogalamu ya Shutter Encoder, yaulerenso, usanayambe kudula. Imatha ndi nthawi, osati ndalama.

Achemwali a Kamera: Nthawi yake iti, magetsi akuzimazima chonchi?

Wa ku Mzuzu: Dikirani kaye. Mwana wakwithu, laputopu yako ndi yotani?

Wa ku Chilomoni: HP ya kaunjika, RAM 8GB, GPU yapadera (khadi yoyendetsa zithunzi) ilibe.

Wa ku Mzuzu: Eee. Ndiye mukukanganirana matayala atsopano galimoto ilibe injini. Eni ake a Resolve, a Blackmagic, amati pa Windows RAM iyambire 16GB. Noise reduction ndi Magic Mask, yopatula munthu pa chithunzi, zimadya GPU koopsa. Ugula Studio, udina batani, makina auma gwa.

M'dala wa Matepi: Ana anga, tonse tikukamba za chithunzi, za mawu mwaiwala? Ife tinayamba pa matepi a Betacam, ndipo chimene chimagwetsa ongoyamba kumene mpaka lero ndi mawu. Munthu amapirira chithunzi chamchenga ngati nkhani ikukoma, koma mphepo ikangolira m'maikolofoni, mayi akufotokoza za kusefukira kwa madzi ku Nsanje osamveka, wasintha tchanelo. Ndalamayo gula kamaikolofoni kapakolala, karekoda ngati Zoom H1n, ndi ma hard drive awiri, chifukwa mboni ya dokyumentale siibwereza kulira kuti fayilo yako yafa. Yotsalayo wonjezera RAM. Ku TV akakufunsa kuti waonetsa chiyani, osati laisensi yako. Konza kafilimu ka mphindi zisanu ka amayi ogulitsa nsomba ku Limbe, kamveke bwino, ukaonetse kameneko. Premiere uiphunzirenso, malo ambiri ukaipeza ili kale pa kompyuta ya ofesi.

Wa ku Chilomoni: Zikomo madala. Koma ndinamvanso kuti Studio imalemba yokha ma subtitle.

Mkonzi wa ku Area 25: Chingerezi imalemba. Chichewa, Chitumbuka, Chisena siimva. Agogo ako aja udzawalembera wekha, mzere ndi mzere.

Achemwali a Kamera: Chabwino, kwa iyeyu lero ndagonja, pa laputopu imeneyo ayi. Koma ukadzasintha makina, ine ndidzati gula. Ndipo usanalipire uone kaye: kamera za Pocket Cinema za Blackmagic ndi kiyibodi yawo ya Speed Editor zikakhala zatsopano zimabwera ndi laisensi ya Studio. Usadzagule kawiri.

Wa ku Chilomoni: Ndamva. Achimwene a ku Mzuzu, ndikutumizirani nambala ya modelo ku inbox, mundionere ngati HP imeneyi ingalole 16GB.